Tsamba la wophunzira lizitseguka ndi ku Makanjira komwe

Ngati pali boma limene layezedwa, kupimidwa ndi kulembedwa m'mabuku a anthu ophunzira m'dziko muno, ndiye ndi Mangochi. Nsomba za m'nyanja anaziwerenga mamba ndi mano, ana a ku Lungwena anayamba kuwalondola akadali m'mimba, ana asukulu a m'mbali mwa nyanja anapereka mikodzo m'timabotolo, ndipo ngakhale nkhono za m'mabango sizinapulumuke. Anthu ambiri, akuda ndi azungu omwe, atenga madigiri, ena udokotala ndi upulofesa, chifukwa cha zimene anapeza pakati pa Monkey Bay ndi nyanja ya Malombe.

Palibe cholakwika pamenepo. Popanda kafukufuku chipatala chimangolota mankhwala ndipo boma limangoika malamulo a usodzi mwachimbulimbuli. Chovuta n'chakuti galimoto ya ofufuza ikanyamuka, mfumu imene inasonkhanitsa anthu ndi mayi amene anapereka mwana wake kuti amutenge magazi satsala ndi njira yodziwira chimene chinapezeka.

Masiku ano nkhani ili m'kamwam'kamwa pakati pa aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede ndi yoti aliyense akhale ndi tsamba lakelake pa intaneti, pomwe aikepo dzina lake, maphunziro ake ndi ntchito zimene walemba. Makampani omangira masambawa ndi ambiri, monga Wix, Squarespace, WordPress ndi Google Sites, ndipo akuluakuluwa amatha kutsutsana mpaka tiyi kuzizira kuti yokongola koposa ndi iti. Kukongolako si kumene kuyenera kutsogola. Munthu amene dzina lake linakulira pa nsomba kapena pa ana a ku Mangochi asankhe pomanga tsamba lake poyang'ana ngati mphunzitsi wa pulayimale ku Makanjira, wokhala ndi foni yotchipa ndi bandulo yaing'ono, angalitsegule, kuliwerenga n'kulimva, ndiponso ngati tsambalo lidzakhalepobe zaka khumi zikubwerazi.

Vutoli si la lero. Mu 1939 gulu la akatswiri ochokera ku Britain, momwe munali mayi Ethelwynn Trewavas, linayendera nyanjayi kufufuza za usodzi. Mu 1945 kunafika mtsikana wina, Rosemary Lowe, amene anakhala mpaka 1947 akufufuza moyo wa chambo, ndipo lipoti lake linasindikizidwa ndi boma la atsamunda mu 1952. Ntchito yawo ikulemekezedwa mpaka lero. Koma asodzi amene ankakoka makoka omwe nsombazo zinkachokera, amenenso ankadziwa kale kusiyanitsa mitundu ya chambo ndi maina ake, sanaone ngakhale chikuto cha malipotiwo. Umboni woti nzeru zawo zinalowamo ulipo: dzina la sayansi la mtundu wina wa chambo, Oreochromis lidole, linatengedwa pa mawu a asodzi a kunyanja kuno.

Nthawi imeneyo panali podzikhululukira. Buku linali kusindikizidwa kutali, kubwera pa sitima, n'kukatsekeredwa mu kabati ya ku Zomba. Lero chifukwa chimenecho chinatha.

Zimene zikupezeka m'bomali si nkhambakamwa ayi, ndi zokhudza mphika ndi moyo wa pabanja. Mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pachiopsezo chachikulu chotheratu, lidole ali momwemo. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool pamodzi ndi anzawo a m'dziko muno anapeza m'mbali mwa nyanja ku Mangochi nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zimene zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo atayeza ana asukulu anapeza kuti matendawo alipodi. Nkhaniyi inatuluka mu 2019 m'magazini ya zaumoyo ya Emerging Infectious Diseases. Kholo la ku Nkope kapena ku Chembe limadziwa likodzo lokodzetsa magazi. Ndi angati amene anamva kuti kulinso lina losaonekera mu mkodzo, lomwe limapweteka m'mimba ndipo likakhalitsa limawononga chiwindi? Lipotilo lili pa intaneti ndipo n'laulere, koma lili m'Chingerezi cha madokotala chomwe ngakhale wa Fomu 4 angachigonere panjira.

Ku Lungwena akatswiri a yunivesite ya Tampere ya ku Finland ndi a College of Medicine akhala akufufuza za amayi oyembekezera ndi kakulidwe ka ana kuyambira zaka za m'ma 1990. Ana oyamba kuyezedwa aja lero ndi makolo. Ndi ufulu wawo kudziwa chimene msinkhu ndi kulemera kwawo zinaphunzitsa dziko lapansi.

Apa ndi pamene tsamba la munthu wophunzira limasiya kukhala chodzionetsera n'kukhala ngongole. Ndipo ngongole yotere siibwezedwa pa tsamba lomwe mwini sangathe kulisunga.

Poyamba pafunika kudziwa kuti mwini malo ndani. Wamalonda aliyense pamsika wa Mangochi amadziwa kusiyana kwa okala yomanga yekha ndi yochita lendi. Ambiri mwa aphunzitsi amadalira katsamba kamene yunivesite yawo inawapatsa. Kameneka n'kofunika, chifukwa ndi umboni woti munthuyo amagwiradi ntchito pamenepo. Koma keyala ya yunivesite nayo imasintha. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa: College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina lakale. Bunda inali itachoka kale kukakhala LUANAR. Dokotala amene kwa zaka zambiri ankalemba medcol.mw pansi pa malipoti ake anayamba kulemba kuhes.ac.mw. Malipoti akalewo sangasindikizidwenso kuti akonze keyala. Onjezanipo kuti aphunzitsi amasamuka, ena kupita ku Mzuzu, ena ku Thyolo, ena kunja, enanso kupuma pantchito, ndipo katsamba kaja sikawatsatira.

Masamba a mapulojekiti ndiye oipirapo. Amabadwa ndi phwando ku hotela ya m'mbali mwa nyanja, amakhala moyo zaka zitatu kapena zisanu, ndipo thandizo la ndalama likatha amafa osalira maliro.

Ena amathawira ku ResearchGate ndi Academia.edu, zomwe zonse zinayamba mu 2008. N'zothandiza kupezana ndi ofufuza anzako, koma ndi makampani a anthu ofuna phindu, ngakhale dzina la inayo likumveka ngati la sukulu. Malamulo amasintha iwo akafuna, ndipo mlendo wongodutsa nthawi zina amauzidwa kuti ayambe walembetsa asanaone chimene akufuna. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Amene anayamba kale kugwiritsa ntchito intaneti akukumbukira GeoCities, pomwe anthu miyandamiyanda anamangapo masamba awo aulere mpaka kampani ya Yahoo inatseka mu 2009. Google+ inatsekedwa mu 2019. Facebook ndi WhatsApp ndiye n'zabwino kulengezerapo, poti ndi kumene anthu a m'dziko muno ali, koma zolemba za pamenepo zimamira msanga pansi pa zithunzi za maukwati ndi mauthenga a maliro. Ndi ng'oma yoitanira anthu, si nkhokwe.

Chimene munthu angachitche chake pa intaneti ndi dzina la keyala lomwe wagula, lothera ndi .mw, .com kapena .org. Limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo ubwino wake ndi woti mwini atha kusamutsa tsamba kuchoka ku kampani ina kupita ku ina keyala osasintha, monga m'mene munthu amasinthira foni nambala n'kukhala yomweyo. Maina othera ndi .mw kwa zaka zambiri akhala akuyang'aniridwa ndi Malawi SDNP. Dzina lotere limauza mlendo msangamsanga kuti mwini wake ndi wa kuti, chinthu chosayenera kuchita nacho manyazi.

Palinso nambala ya ORCID, yomwe inayamba mu 2012 ndipo ndi yaulere. Ili ndi manambala 16 ndipo imagwira ntchito ngati chiphaso cha unzika cha munthu wofufuza. M'dziko la a Banda ndi a Phiri osawerengeka, m'boma lomwe m'kalasi imodzi mutha kupezeka a Saidi anayi, nambalayi ndiyo imanena kuti lipoti ili analemba ndi uyu osati uyo. Amayi ndiwo imawathandiza kwambiri. Rosemary Lowe uja atakwatiwa anadziwika ndi dzina loti Lowe-McConnell, ndipo wofufuza wosadziwa mbiriyi atha kuganiza kuti ndi anthu awiri. Mtsikana wa ku Malindi amene walemba lipoti lake loyamba asanakwatiwe atenge nambalayi lero, tsamba lisanamangidwe n'komwe. Aonjezerepo Google Scholar, yomwenso ndi yaulere ndipo imasonkhanitsa yokha zimene munthu walemba.

Tsono nkhani ya ndalama, yomwe otsatsa malonda a masambawa saitchula chifukwa sakhala ku Malawi. Makampani akunjawa amafuna madola, ndipo amadula pa khadi ya ku banki mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mtengo wa tsamba m'madola sunasinthe, koma m'makwacha unalumpha kawiri pomwe malipiro a mphunzitsi anali kukwawa. Pamwamba pa izo pali kusowa kwa ndalama zakunja kumene kwasautsa dziko lino m'zaka zimenezi, komwe kumachititsa kuti khadi ikanidwe ngakhale mu akaunti muli ndalama. Khadi ikakanidwa, tsamba limazimitsidwa. Choopsa koposa n'chakuti dzina la keyala likapanda kulipiridwa limabwerera pamsika, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo n'kutola maina otayidwa otere n'kuikapo malonda awo. Si zachilendo pa intaneti kutsegula keyala yomwe kale inali ya bungwe lolemekezeka n'kupeza juga. Ndi manyazi otani kuti dzina la pulofesa, lolembedwa pansi pa malipoti makumi atatu, lizifikitsa ana asukulu kumalo obetcha mpira!

Ndiye wosankha afunse kaye kuti chinthu chimenechi adzatha kuchilipira m'chaka choipa, osati m'chaka chomwe walandira alawansi ya ku msonkhano wa ku Cape Town. Afunsenso makampani a m'dziko momwe muno ngati angalipire m'makwacha kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba.

Tikawaika pa sikelo imeneyi, makampani otchukawa salemera mofanana. Squarespace imatulutsa masamba osiririka, koma ilibe gawo laulere lokhalitsa. Ukasiya kulipira, basi. Wix ili ndi gawo laulere, koma imaikapo malonda ake ndipo keyala imakhala ndi dzina la kampaniyo. Chachikulu n'chakuti tsamba lomangidwa pa Wix silinganyamulidwe lathunthu kupita nalo kwina. Wofuna kusamuka amayambiranso pa maziko. WordPress, yomwe inayamba mu 2003, imalola mwini kutulutsa zolemba zake zonse n'kukaziika kwina, ndipo achinyamata odziwa kuigwiritsa ntchito ndi ambiri ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna kusamalidwa: munthu akaiunjikira tizinthu tambirimbiri tokometsera n'kuisiya osaikonza, imalemera ndipo akuba a pa intaneti amapeza polowera. Google Sites ndi yaulere, yosavuta, yopanda malonda, ndipo imalola kulumikiza keyala yogula wekha; maonekedwe ake ndi wamba, ngati yunifolomu ya sukulu. GitHub Pages nayo ndi yaulere ndipo masamba ake amatha kukhala opepuka kwambiri, koma imafuna munthu wodziwako za makompyuta.

Kunena mosapsatira, kwa mphunzitsi wamba wa pa yunivesite amene malipiro ake akudikiridwa ndi abale khumi kumudzi, Google Sites kapena WordPress yosakometsera, yolumikizidwa ku keyala yakeyake, ndi yokwana. Wodziwa makompyuta, kapena amene ali ndi wophunzira wake womuthandiza, apite ku GitHub Pages. Koma pa zonsezi pasakhale pogonera tulo. Google yomweyo inatseka Google+, ndipo mu 2023 inagulitsa bizinesi yake ya maina a keyala ku Squarespace. Zonse zoikidwa pa tsamba zisungidwenso pa kompyuta ndi pa fulashi, kuti mwini nyumba akadzati tulukani, katundu akhale ali kale m'manja.

Mayeso enieni a tsamba sachitikira mu ofesi ya ku Blantyre momwe muli intaneti yolipiridwa ndi yunivesite. Mwini tsamba atenge foni ya itel kapena Tecno ya mtengo wotsika, agule bandulo ya tsiku limodzi, akwere galimoto yopita ku Katuli, Nankumba kapena Makanjira, akayese kulitsegula kumeneko. Masamba ambiri okongola amayamba ndi kanema wa mafunde kapena chithunzi chachikulu cha mwini atavala mkanjo wa digiri, ndipo foni imazungulirazungulira mpaka bandulo kutha dzina lisanaoneke. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba labwino ndi la mawu ambiri, kachithunzi kamodzi kochepetsedwa, zilembo zooneka bwino padzuwa, ndipo lipoti lililonse lolemera likhale ndi chenjezo la kukula kwake munthu asanalitsitse.

Komabe kampani ndi kupepuka ndi chidebe chabe. Nkhani yagona pa zimene zili m'katimo, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri a m'dziko muno amalephera mayeso omwe iwo eni sangalole wophunzira wawo kulephera.

Tsamba lambiri limakhala ndi mndandanda wa mitu ya malipoti m'Chingerezi, maina a misonkhano ndi mayiko omwe mwini anapondako. Zimenezi n'zolembera azungu opereka ndalama ndi komiti yokweza anthu pantchito, ndipo zikhalepo ndithu. Koma pansi pa mutu uliwonse wa kafukufuku wochitikira ku Mangochi payenera kukhala mizere isanu kapena isanu ndi umodzi m'Chichewa ndi m'Chiyao, yonena funso limene ofufuza anali nalo, dera limene anagwirako ntchito, chaka chake, chimene anapeza, ndi chimene banja lingachite nacho. Chiyao chisaiwalike. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo pakhomo amayankhula Chiyao. Amene sachidziwa apemphe omwe anamumasulira mafunso popita kumudzi. Ngati anapezeka omasulira pokatenga, apezekenso pobweza. Ndipo poti si onse amawerenga, kamawu kojambulidwa ka mphindi ziwiri, kopepuka koti n'kutumizidwa pa WhatsApp, kangafike kumene pepala silifika.

Mizere imeneyi ndi yovuta kulemba kuposa lipoti lenilenilo, chifukwa Chichewa sichilola kubisala kuseri kwa mawu akuluakulu. Chitsanzo ndi kafukufuku wa MORDOR, amene anachitika ku Niger, Tanzania ndi kuno ku Mangochi, pomwe ana aang'ono ankapatsidwa mankhwala a azithromycin kawiri pachaka pofuna kuona ngati imfa zingachepe. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Pophatikiza mayiko atatuwo imfa zinachepadi, koma phindu loonekeratu linali ku Niger. Ku Malawi kusiyana kunali kochepa koti sikukanatha kutsimikizika pakokha. Mayi wa kwa Chimwala amene mwana wake anamwa mankhwalawo ayenera kumva zonsezi, osati theka lokoma lokha. Ayeneranso kumva kuti zotsatirazi sizikutanthauza kuti azikagula mankhwala otere pa okala n'kumamwetsa ana mwachisawawa, chifukwa kutero kumachititsa tizilombo kuzolowera mankhwala. Munthu woyenera kulemba chenjezo limeneli ndi yemwe anachita kafukufukuyo. Akapanda kulemba iye, adzalemba ndi wina pa gulu la WhatsApp, ndipo adzalemba zake.

Chimodzimodzi za nsomba. Kuyambira 1993, chambo chitachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe, boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'madoko. Makomitiwa ndiwo amakangana ndi anzawo pa nkhani ya maukonde a maso ang'onoang'ono ndi nyengo yotseka nyanja. Mlembi wa komiti yotere akamauza mwini khoka kuti aleke kukokera m'malo oswanirana nsomba, amafunika chomugwiriziza choposa mawu akuti boma latero. Akatswiri a ku Monkey Bay, aphunzitsi a ku koleji ya usodzi ya Mpwepwe ndi a ku LUANAR ali ndi ziwerengero ndi zifukwa zake. Atazilemba m'chinenero cha padoko, mlembiyo akanakhala ndi poyambira, ndipo asodzi akanakhalanso ndi mwayi wotsutsa pomwe akuona kuti ophunzirawo aphonya, poti nawonso nyanja amaidziwa.

Ophunzirawo ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Amati yunivesite imakweza munthu poona malipoti otuluka m'magazini akunja, osati ndime za Chiyao. Amati nthawi alibe, poti kalasi imodzi imakhala ndi ophunzira mazana. Amatinso anthu akumudzi ambiri alibe foni za intaneti, ndiye kulembera iwo n'kuthira madzi m'dengu.

Ziwiri zoyambazo n'zoona, ndipo mayunivesite akuyenera kuyamba kuwerengera ntchito yobweza zotsatira kwa anthu pokweza aphunzitsi. Koma mizere isanu pa lipoti limene linatenga zaka zitatu si katundu wothyola msana. Chachitatucho ndiye chikuphonya m'mene nkhani zimayendera kumudzi. Agogo a ku Namwera sadzatsegula tsamba, koma m'mudzi mwawo muli mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, shehe, katekisiti ndi mdzukulu wa ku sekondale. Muli mwana wawo amene ali ku Joni, yemwe intaneti ndi yosamuvuta ndipo amaimba foni sabata iliyonse. Mtolankhani wa wailesi ya Dzimwe kapena Radio Maria akafuna katswiri woti afotokoze za kolera, monga inavutira mu 2022 ndi 2023, kapena za kukwera kwa madzi a m'nyanja komwe kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo mu 2024, amayamba n'kufufuza pa foni. Akapeza Mmalawi wofotokoza zomveka, wokhala ndi keyala ya imelo yoti amayankhadi, mawa lake boma lonse lamva. Akapanda kumupeza, amafunsa yemwe wapezeka.

Pali zina zosayenera kuoneka pa tsamba lotere. Zithunzi za ana otupa mimba, za amayi ali pa bedi la chipatala, kapena za kalasi yonse itanyamula timabotolo ta mikodzo, zimakopa opereka ndalama koma zimavula anthu. Mwana wojambulidwa lero adzakula n'kudzipeza yekha pa intaneti. Makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga COMREC ndi NHSRC, alipo pa chifukwa chimenechi, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act. Chilolezo chotenga magazi si chilolezo chofalitsa nkhope. Ngakhale kutchula mudzi waung'ono pamodzi ndi matenda ochititsa manyazi kungapweteketse anthu, chifukwa kumudzi aliyense amadziwana. Asamalenso ndi malipoti omwe umwini wake unapita kwa osindikiza. Ambiri amalola kuika kope lina laulere, ndipo magazini ngati Malawi Medical Journal ndi aulere kale kwa aliyense.

Chinanso chosafunika ndi kudzikuza kopanda umboni. Dziko lino ladzaza ndi anthu otchedwa Dokotala ndi Pulofesa, ena a iwo ongogula pepala ku sukulu yosadziwika kapena kupatsidwa ulemu pa mwambo wa tsiku limodzi. Tsamba loona limanena digiri, sukulu imene inapereka ndi chaka chake, n'kulozanso ku katsamba ka yunivesite ndi nambala ya ORCID, kuti wokayika akatsimikize yekha. Apa mabanja apindulapo mwachindunji. Kholo lisanapereke fizi ku koleji yatsopano yomwe yatsegulidwa pamwamba pa sitolo, kapena lisanagule mankhwala a munthu wodzitcha dokotala pa wailesi, litume mwana afufuze dzinalo pa foni, ndipo za sukuluyo afunse ku National Council for Higher Education, bungwe lomwe limavomereza sukulu za ukachenjede. Ophunzira enieni akakhala osapezeka pa intaneti, amasiyira bwalo onyengawo, omwe masamba awo ndiye amakhala owala kwambiri.

Makolo amene anagulitsa usipa ndi chimanga kuti mwana afike pa digiri yachiwiri ali ndi mbali yawo. Mwanayo akamafunsira maphunziro apamwamba kunja kapena ntchito ku bungwe, oweruza amalemba dzina lake pa Google asanamuitane. Chomwe angapeze chisakhale zithunzi za ku Lake of Stars zokha. Kakeyala ka chaka chimodzi ndi tsamba losalira zambiri n'zotsika mtengo kuposa phwando la digiri lomwe banja limachita mosaumira. Ndipo makolowo ali ndi ufulu womuuza kuti alembeko ndime imodzi yoti iwo amve chimene anakhalira zaka zonsezo ku sukulu.

Ngongoleyi si ya Amalawi okha. Ofufuza a ku Liverpool, Tampere, London ndi America ali ndi masamba abwino kale, olipiridwa ndi mayunivesite olemera, ndipo kuonjezerapo ndime ya Chichewa ndi Chiyao sikungawadyere kanthu.

Mphamvu yokakamiza zimenezi ili m'manja mwa anthu a m'bomali kuposa m'mene amaganizira. Wofufuza salowa m'mudzi popanda kudzera kwa akuluakulu a boma ndi kwa mfumu. Amakaonekera ku khonsolo, amapempha chilolezo kwa mkulu wa zaumoyo kapena wa zausodzi, amagwada kwa gogo chalo, kenako kwa nyakwawa, ndipo mphunzitsi wamkulu ndiye amamutsegulira kalasi. Pa makomo onsewa mafunso amakhala a masiku, a galimoto ndi a alawansi ya odzipereka. A T/A Mponda, Makanjira, Nankumba ndi anzawo atha kuonjezera funso limodzi asanalole: zotsatira zidzawerengedwa pa keyala iti, m'chinenero chanji, ndipo pofika liti? Keyalayo ilembedwe m'buku la alendo la pasukulu kapena la kwa mfumu, pamodzi ndi dzina la wofufuzayo ndi tsiku limene walonjeza, kuti tsikulo likadzakwana mphunzitsi adzatenge foni n'kuyesa kuitsegula pamaso pa makolo.